Bandi ikasintha kaimbidwe mafani timakwiyiranji? Nkhani ya Linkin Park yandibalalitsa

Chimz_wa_Ndirande

Abale tathandizanani apa. Amene munaonera fainolo ya Champions League ya 2025 ku Munich, ija PSG inakhoma Inter 5-0, mukukumbuka kuti mpira usanayambe panaimba Linkin Park. Kutsogolo kunali mzimayi uja Emily Armstrong, amene anamulengeza kukhala woimba watsopano wa bandiyi mu September 2024 patatha zaka 7 chimwalirire Chester Bennington, yemwe ankaimba kutsogolo. Chiyambire pamenepo ku YouTube ndi ku Facebook ndi nkhondo yokhayokha, ena akuti iyi si Linkin Park angosintha dzina basi, ena akuti bola abwereranso ku magitala olemera aja.

Chikundizunguza mutu ine n'choti ambiri amene lero akulira kuti Chester yekha, Chester yekha, ndi omwewonso ankamunyoza Chester ali moyo, chimbale cha One More Light chitatuluka mu 2017 ankati bandi yasanduka ya pop, yatsata ndalama. Ndiye mafani timafuna chani kwenikweni? Asinthe tikwiye, asasinthe titope nawo. Kapena vuto si nyimbo, ndi ifeyo?

Mdala_Roots77

Mphwanga, zimenezi sizinayambe ndi ana a rock anuwa. Ife a reggae tinazionera kalekale, kungoti masiku ano anthu amamutenga Bob Marley ngati munthu amene sananyozedwepo.

Mu 1973 The Wailers anatulutsa Catch a Fire ku Island Records. Nyimbo anajambulira ku Kingston, koma matepi atafika ku London, Chris Blackwell, mwini wa Island Records, anaitana Wayne Perkins, mzungu wa ku Alabama woimba gitala ya rock, kuti athiremo zake, kiyibodi n'kumupatsa John Bundrick. Cholinga sichinali chobisika ayi, ankafuna achinyamata achizungu ogula zimbale za rock aione Wailers ngati bandi yawo. Ngakhale chikuto anachipanga chotsekuka ngati laita ya Zippo. Tamverani gitala yolira ija mu Concrete Jungle, kenako mupeze mtundu wa ku Jamaica umene anadzautulutsa mu 2001 wopanda zothirathirazo, mumva nokha kuti ndi nyimbo ziwiri zosiyana, wina uli gwaa, besi ndi ng'oma patsogolo, winawo wadzoledwa mafuta.

Pofika 1974 Peter Tosh ndi Bunny Wailer anali atachoka, kumbuyo kukuimba azimayi atatu, Rita Marley, Marcia Griffiths ndi Judy Mowatt, dzina lakhala Bob Marley and the Wailers. Kenako 1978 kunabwera Kaya, anthu n'kumati mkuluyu wafewa, wayamba zachikondi ndi zachamba zokhazokha waiwala nkhondo. Chaka chotsatira anawatseka pakamwa ndi Survival, chikuto chodzaza mbendera za maiko a mu Africa. Lero ndani amene amadandaula za Kaya? Timangovina tonse. Mkwiyo wa mafani sukhalitsa, umadikira kuti kubwere ana ena amene chimbale chonyozedwacho ndiye choyamba kuchimva.

NaPhiri_265

Akulu a Roots mwanena zoona koma pa Linkin Park pali kena kamene mwakadumpha. Anyamata amenewa anyozedwa pafupifupi chimbale chilichonse chichokereni Meteora ya 2003. Hybrid Theory ya 2000 ndi Meteora zinali mtundu umodzi, Mike Shinoda akurapa, Chester akukuwa, Joe Hahn akukwecha ma turntable. 2007 anapita kwa wojambula nyimbo Rick Rubin n'kutulutsa Minutes to Midnight, rap yachepa, anthu anadandaula. 2010 A Thousand Suns yodzaza zamakompyuta, anadandaulanso, koma lero omwewo akuti chimenecho ndiye chimbale chanzeru kuposa zonse kkkk.

Za 2017 zokha zinafika poipa. Ku shoo ya Hellfest ku France, mu June, akuimba Heavy ya mu One More Light munthu wina anamugenda Chester ndi chigubu ali pasiteji, kanema wake alipo. Nayenso sankaugwira mtima, akafunsidwa ndi atolankhani ankayankha mokalipa kwa amene ankati bandi yapanga chimbalecho pofuna ndalama. Pa 20 July anamwalira. Sindikunena kuti ma comment ndiwo anamupha, munthuyo anali ndi mavuto ake a nthawi yaitali amene ankawanena poyera, koma chimene chinandinyansa ine n'choti atangomwalira anthu anabwerera ku chimbale chomwe ankachitukwanacho n'kuyamba kumvetsera mawu ake, n'kumati ee kani munthuyu amalira. Mawuwo anali momwemo chitulukire mu May. Sankamva chifukwa makutu anali pa gitala imene kunalibe.

Ndiye achimwene a Chimz, ine ndimati mafani ambiri sakonda bandi, amakonda zaka zimene anali nazo pamene anaimva koyamba. Munthu anamva Numb ali Fomu 2, mtima uli wowawa, akudana ndi aliyense kunyumba. Lero ali ndi ana awiri ndi ngongole ya kubanki ndiye akufuna anthu a zaka pafupifupi 50 azimuimbirabe ngati ali Fomu 2. Sizingatheke.

Ras_Singano

Achemwali apo ndikutsutsaniko pang'ono. Si onse okwiya amene akulira unyamata wawo, ena amamva ndithu kuti nyimbo yaphikidwa mothamangira wailesi, ndipo khutu silinama. Kusintha chifukwa mwakula ndi kwina, kusintha chifukwa akampani akuti izi ndiye zikugulidwa ndi kwinanso.

Komanso tisapite kutali, kwathu konkuno tili ndi Ma Blacks. Evison Matafale anamwalira mu November 2001 atatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, anthu ankati basi Black Missionaries yathera pompo. Musamude Fumulani anatenga maiki, naye anatisiya 2007, Anjiru n'kupitiriza. Oimba kutsogolo atatu, koma simunamve anthu akuti asinthe dzina ngati mmene akuchitira ndi Emily. Chifukwa chake n'chapafupi, ndi magazi amodzi, ndi a ku Chileka omwewo, ndipo kaimbidwe sanakagwedeze, ngakhale dzina la chimbale amangowonjezera nambala kutsogolo kwa Kuimba. Anthu anawatenga ngati ana amasiye amene akusunga nyumba ya bambo awo osagwetsa khoma ngakhale limodzi.

Koma mtengo wake ndi umenewo munanena a Chimz, pali anthu amene amati Ma Blacks ukamva nyimbo imodzi wamva zonse. Ine sindivomereza, koma ndimawamva akunena m'minibasi. Chodabwitsa n'choti onena zimenezowo ukapita kushoo uwapeza kutsogolo penipeni, thukuta kamukamu, akukuwa kuti aimbe zakale za Matafale. Atati tsiku lina Anjiru atulukire ndi amapiano, omwewo ndi amene angayambe kuponya mabotolo.

Gitala_Mbewe

Palibe amene wakhudza za maonekedwe, pamene nthawi zina ndi zimene zimawawa kuposa nyimbo. Metallica mu 1996 potulutsa Load anameta tsitsi lalitali lija, pazithunzi ena atadzipaka zakuda m'maso, logo nayonso ataisintha. Mafani analusa ndi tsitsilo mwina kuposa nyimbo zimene, poti kwa iwo tsitsi linali chizindikiro choti ndife amodzi, si ife a masuti. Tangoganizani rasta amene mumamukonda atulukire mawa atameta mpala atavala jekete yonyezimira, ngakhale aimbe bwanji mudzayamba mwayang'ana mutuwo.

Koma pali wina amene anasintha zonse, nyimbo ndi maonekedwe omwe, zinamuyendera mpaka tinaiwala kuti anasintha. Lucky Dube anayamba ndi mbaqanga, mtundu wa nyimbo za ku South Africa, akuimba m'Chizulu. Reggae anailowa 1984 ndi Rastas Never Die, sinagulidwe kwenikweni ndipo boma la tsankho linailetsa. Akanamvera msika akanabwerera ku mbaqanga komwe kunali kale anthu ake. Anakakamira, Think About the Children inamutsegulira njira, kenako Slave ndi Prisoner, mpaka kuno kwathu kunalibe bala kapena basi yopanda kaseti yake. Ndani lero amamutchula kuti wothawa mbaqanga?

Chimz_wa_Ndirande

A Ras, mfundo ya magazi amodzi ija yandigwira. Ndiye kuti Emily akulipira chifukwa ndi wobwera, osati chifukwa saimba bwino? Poti kukuwa amakuwa ndithu, chimbale cha From Zero chimene aimba ndi Emily ndachimvera, ndi cholemera kuposa One More Light kutalitali. Komanso anthu sakunenapo zoti woimba ng'oma Rob Bourdon sanabwerere, pali Colin Brittain, ndipo woimba gitala Brad Delson sakuyenda nawo m'mashoo. Onse maso ali pa mzimayiyo.

NaPhiri_265

Eya, wa ng'oma amakhala kumbuyo ndani amamuona. Komabe tisanamizane, ena akukana Emily pa zifukwa zina, nkhani yoti anakaonekera kukhoti kumbali ya Danny Masterson, wosewera mafilimu amene anadzamangidwa pa milandu yogwirira, inawapweteka anthu ambiri ndipo iye mwini anachita kutulutsa uthenga wodzipatula kwa mkuluyo. Amenewo ndimawamvetsa. Amene sindiwamvetsa ndi oti akufuna munthu woimba ndendende ngati Chester. Akanatenga wotengera mawu bwenzi omwewo akuti ndi karaoke, akunyoza maliro. Shinoda anasankha mawu osiyana dala, ndipo nyimbo zina zakale anazisintha kiyi kuti zimukwane Emily. Pa nyimbo zatsopano ali bho kwabasi, pa zakale monga Crawling ndimamvabe kuti pakusowa munthu, ndiye ndimangodumpha n'kuika ya 2000 yomweyo, sinafufutidwe paliponse.

Mdala_Roots77

A Mbewe mwandikumbutsa, Aswad, bandi ya reggae ya ku UK, nayo. Amene tinkaidziwa ndi Live and Direct ya 1983 yojambulidwa ku Notting Hill Carnival tinagwira kumutu 1988 atafika nambala 1 ku UK ndi Don't Turn Around, nyimbo yomwe anayamba kuimba Tina Turner. Imeneyo ine mpaka lero sindinaikhululukire, a NaPhiri munene zaunyamata zanuzo mmene mungathere.