Disiki imodzi ya RAID 1 yafa, ndiyambire pati?

Wojambula:
Moni nonse. Ndimajambula zithunzi za maukwati, ndipo zonse ndimasunga m'kabokosi kosungiramo mafayilo kolumikizidwa pa netiweki (NAS) momwe muli madisiki awiri a 4 TB, oikidwa pa RAID 1. Usiku wathawu kabokosiko kanayamba kulira, nyali ya disiki yachiwiri yafiira, ndipo pakompyuta palembedwa kuti "degraded". Chondidabwitsa n'chakuti mafoda onse akutseguka bwinobwino. Kodi zithunzi za anthuwa zili pangozi? Mtima suli m'malo, poti ukwati sabwereza.

Wamakompyuta:
Mtima pansi achimwene, palibe chatayika. Pa RAID 1 chilichonse chimene mwasunga chimalembedwa pa madisiki onse awiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake malo mumaona 4 TB yokha osati 8. Yatsalayo ili ndi zonse. Koma panopa muli ngati galimoto imene yamanga kale tayala la sipeya: likaphulika lina, ulendo wathera pomwepo.

Musathamangire kulowetsa disiki yatsopano. Yambani mwakopera zithunzizo pa disiki ina yakunja. Mukangoika yatsopano, makinawo amawerenga disiki yakaleyo yonse kuti adzaze inzakeyo, ndipo pa liwiro la 150 MB pa sekondi, 4 TB imatenga maola opitirira 7 osapuma. Ngati awiriwo munagulira limodzi, atopa mofanana, ndipo yotsalayo ikhoza kugonja pakati pa ntchito yolemetsayi. Apa ndiye pamene ambiri amalirira.

Mayi wa Linux:
Ndiwonjezereko pang'ono. Musanazule, onani nambala ya siriyo ya disiki yakufayo pakompyuta, muifananize ndi yolembedwa pa disikipo, kuopa kuzula yamoyo. Yatsopano isachepe kukula kwa yakale. Ngati kabokosiko kamayendera Linux ndipo mungathe kulowa mkati n'kulembamo malamulo, lamulo la `cat /proc/mdstat` limaonetsa [UU] zonse zikakhala bwino, ndipo imodzi ikagwa mumaona [U_]. Onaninso lipoti la SMART la yotsalayo, lomwe limaonetsa thanzi la disikiyo.

Wojambula:
Zikomo kwambiri nonse, kukopera kwayamba. Koma ndikadzakonza, disiki yakunjayo idzafunikabe? Si ndiye zonse zidzakhalanso pawiri?

Wamakompyuta:
Idzafunika ndithu, ndipo apa ndiye ndikupempheni mumvetse. RAID 1 imateteza ku chinthu chimodzi, kufa kwa disiki. Mukafufuta foda mwangozi, imafufutika konse kuwiri nthawi yomweyo. Ransomware, pulogalamu ya akuba yofuna dipo, ikatseka mafayilo, yatseka konsekonse. Mphenzi, moto kapena wakuba satenga disiki imodzi n'kusiya inzake, poti zonse zili m'bokosi limodzi. Pamene akatswiri David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley ankafotokoza za RAID mu 1988, vuto lawo linali lakuti madisiki akachuluka, kufa kwa imodzi kumabwera pafupipafupi, ndipo RAID inabwera kudzathana ndi vuto limeneli.

Disiki yakunjayo muziichotsa mukamaliza kukopera, muziisunga kwina, ndipo nthawi ndi nthawi muzitsegulako zithunzi zingapo kuti mutsimikize kuti zikuoneka.