Kodi greedy, crave ndi covet tiwasiyanitse bwanji kwa ana a Fomu 4?

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, ndigawireniko nzeru. Polemba chimangirizo, ana amasokoneza mawu a dyera, njala ndi chilakolako. Greedy amamuika paliponse, chonsecho munthu wosusuka pa chakudya ndi glutton, wokondetsa chuma ndi avaricious, pomwe covet ndi kusirira cha mwini, monga pa Eksodo 20:17.

Chovuta kwambiri ndi for. Amalemba "crave for sugar" potengera long for ndi yearn for, koma mneni crave nthawi zambiri satenga for. Dzina craving ndilo limatenga for.

Nanga famished, ravenous ndi starving mumawasanja bwanji potengera kukula kwa njala? Alipo amene ali ndi ntchito ya mphindi 40 yoyeserera mawuwa m'kalasi?