Mankhwala a khunyu aja apezeka

Abale, sabata yatha ndinafunsa kuti kuno ku Mangochi ndingapeze kuti sodium valproate, mankhwala a khunyu amene mng'ono wanga amamwa, poti kuchipatala anali atatha. Ndabwera kudzakuuzani kuti apezeka, zikomo nonse amene munandiyankha.

Pa boma pano ndinazungulira mafamase atatu ndi dzuwa lakunoli, konse akuti palibe. Mayi wina pa famase yomaliza ndi amene ananditsegula m'maso, akuti kwina mukamafunsa muzitchulanso kuti Epilim, mankhwala ake ndi omwewo, ili ndi dzina chabe limene kampani yopanga inawapatsa. Ine zimenezo sindimadziwa ndithu. Ndiye ndinaimbira achimwene ku Limbe, ndawatumizira pa WhatsApp chithunzi cha pomwe adokotala analemba m'kabuku poti popanda chimenecho sagulitsa, ndalama pa Airtel Money, mawa lake anapatsira kondakitala wa minibasi ine nkukalandira pa depoti. Mtengo wake eee, musafunse.

Amene munati angosiya kaye kumwa mpaka abwere, ayi, adokotala anakaniziratu, akuti kusiya mwadzidzidzi munthu amatha kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka. Ndagula a miyezi iwiri, deti yothera ntchito ndayang'ana, ikadali kutali.