Kogula ufa ndi ndiwo ku Den Haag: msika wa Haagse Markt

Nagama: Akuluakulu, kwabwera anzathu atsopano odzagwira ntchito m'minda ya tomato ku Westland, pafupi ndi mzinda wa Den Haag kuno ku Netherlands. Akufunsa kogula ndiwo zofanana ndi zakwathu pamtengo wabwino. Odziwa tithandizeni.

aBanda: Apite ku Haagse Markt, mumsewu wa Herman Costerstraat, pakati pa madera a Transvaal ndi Schilderswijk. Umakhalapo Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka, 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Kuchokera kusiteshoni ya sitima ya Den Haag Centraal akwere tram (kasitima koyenda m'misewu) nambala 6, kuchokera kusiteshoni ya Hollands Spoor akwere 11 kapena 12, atsikire pasiteji yolembedwa Haagse Markt. Khadi yolipirira ulendo agunditse pamakina pokwera ndi potsika pomwe. Akaiwala potsika, makina adula ndalama yoposa ulendo wawo.

Mai a Tiya: Chovuta si njira achimwene, ndi mayina. Masamba ambiri amagulitsa anthu a ku Suriname, ndiye pachikwangwani pamakhala mayina awo. Bonongwe ndi klaroen. Therere lobala ndi oker kapena okra. Chinangwa ndi cassave, mbatata ndi zoete aardappel, nthochi zophika ndi bakbanaan. Tsabola wachikasu wa Madame Jeanette amawawa ngati kambuzi, m'modzi akwanira poto yense, ndipo ena amangomuponya wathunthu osamuboola. Sopropo musagule poyesa nkhaka, ngwowawa. Chinangwa muuze wogulitsa adule kunsonga: mkati mukaoneka mizere yakuda, chagona kale, chisiyeni.

aPhiri: Ufa ndiye pamene ambiri amagwa. Paketi yolembedwa Maizena si ufa wa nsima, ndi sitachi yolimbitsira msuzi, mukavundula mupeza phala lonanda. Polenta ndi wachikasu komanso wa misere. Funsani witte maïsmeel m'timashopu ta Aafirika tozungulira msika, amati toko. Mukapeza Iwisa wa ku South Africa tengani thumba la makilogalamu 5, limatsika mtengo kuposa timapaketi. Wa P.A.N. ndi wophikaphika kale, umalimba msanga, ndiye muzithira pang'onopang'ono.

Nagama: Nanga nsinjiro ndi mkhwani?

Mai a Tiya: Mkhwani ngosowa. M'nyengo yozizira gulani boerenkool, muchotse mitsempha yolimba, mudule bwinobwino, amalowa m'malo mwa repu. Nsinjiro gulani mtedza wosakazinga, ongebrande pinda's, mugaye m'kamakina kogayira. Mugaye mwapang'onopang'ono, mukapitiriza utuluka mafuta n'kusanduka chiponde.

aBanda: Muyeso nawo muudziwe. Akati pond ndi magalamu 500, ons ndi magalamu 100. Wina amaona mtengo wa pond n'kuyesa ngwa kilo, polipira n'kudabwa. Ambiri amalandira khadi ya kubanki, amati pinnen, koma tengani ndalama zapamanja pang'ono chifukwa mabenchi ena salandira. Jumbo yapulasitiki anasiya kupereka ulere mu 2016, nyamulani chikwama chanu, makamaka chamatayala.

aPhiri: Kunsomba kuli tilapia yathunthu, ndiyo yoyandikira chambo. Nenani schoonmaken kuti akupalireni mamba ndi kutumbula, koma dziwani kuti amayamba ayeza isanatumbulidwe. Onani maso ndi makha: maso akalowa m'kati, makha atatuwa, pitani benchi ina. Nkhuku yolimba ngati yachikuda ndi soepkip, imafuna maola awiri pamoto, osaikazinga chabe. Nyama ya mbuzi ndi geitenvlees, funsani kubutchala za halal za Aturuki ndi a ku Morocco, ndipo munene momveka chifukwa lamsvlees ndi nkhosa.

Mai a Tiya: Cha m'ma 4 koloko zipatso ndi tomato za m'timbale zimatsika mtengo. Yang'anani zapansi pa mbale, zofewa amazibisa kumeneko. Tomato wotereyo muphike tsiku lomwelo, msuzi muike mufiriza.

aBanda: Loweruka masana anthu amathithikana, foni ndi chikwama zikhale kutsogolo. Amene ali ndi ofu pakati pa sabata apite Lachitatu m'mawa.