Mapadi a mabuleki a kagalimoto kopepuka pa track, ndigule ati?

Kadziwotche_NB:
Moni akuluakulu. Ndili ndi Mazda MX-5 ya NB ija (mtundu wachiwiri wa MX-5), injini ya 1.8 sindinayigwire kalikonse, matayala ndi a 200 treadwear (nambala ya kathedwe ka tayala, awa ndi ogwira msewu kwambiri), ndipo ku track, kubwalo lothamangitsira magalimoto, ndimapita ndikuyiyendetsa pamsewu osati kuyikweza pangolo. Vuto ndi lakuti ma lap (maulendo ozungulira track) oyamba mabuleki amagwira bwinobwino koma zikangotentha, ndikafika kumapeto kwa kowongoka kuja pedulo imayamba kumira pansi, kafungo kakupsa kaja nkumalowa mpaka mkati. Mapadi ndi wamba omwe ndinayipeza nawo. Mnzanga wina wa BMW akuti ndisataye nthawi ndingogula a mpikisano enieni, Hawk DTC-60 kapena Ferodo DS1.11, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, eti nkhani ithera pompo. Koma yakeyo ndi chigalimoto cholemera nde ndikukayika. Inu amene mumathamangitsa timagalimoto topepuka tandiuzeni, ndigule ati?

MakanikoWakale:
Achimwene musanatulutse ndalama tayambani mwasiyanitsa matenda awiri, anthu amawasokoneza kwambiri. Ngati pedulo ili yolimba, mukuponda ndi mphamvu zonse koma galimoto ikungopitabe, amenewo ndi mapadi atentha mopyola muyeso wake. Koma ngati pedulo ikumira, ikufewa, mpaka mumachita kupopa kawiri kuti igwire, amenewo ndi mafuta a mabuleki awira mu kalipa, chitsulo chimene chimapanitsa mapadi pa disiki. Mafuta akawira mumabwera mpweya, ndipo mpweya umafinyika pomwe mafuta safinyika, nchifukwa chake mwendo umangolowa. Mmene mwafotokozeramu inu muli nazo zonse ziwiri, fungolo ndi la mapadi koma kumirako ndi mafuta.

Nde funso langa, mafutawo munasintha liti? Mafuta wamba a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 a Celsius, koma mafuta amenewa amamwa chinyezi, akakhalitsa amatha kuwira pa 155 pokha. Thirani ATE Typ 200 amene amafika 280 kapena Motul RBF 600 amene amapitirira 300, ndipo mukhetse onse akale osangowonjezera pamwamba. Chenjerani ndi DOT 5, ameneyo ndi wa silicone sasakanizika ndi enawa, DOT 5.1 ndiye alibe vuto. Mukaika mapadi a mpikisano pa mafuta akalewo pedulo idzamirabe basi, mwinanso msanga kuposa kale poti muzidzaponda mochedwa modalira mapadiwo.

Seveni_Wopanda_Denga:
A Makaniko anena zoona za mafuta. Ine ndilankhule za mapadi poti ndimayendetsa Caterham, kanthu kosafika ndi makilo 600 omwe, kopanda ABS (yoletsa mawilo kutsekeka) kopanda servo (yothandiza mwendo kuponda buleki).

Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo kutenthako kumadalira kulemera kwa galimoto ndi liwiro lake. NB yanuyo ili cha mma kilo 1,050, ya mnzanuyo mwina 1,500 kapena kuposa, komanso iye amafika pakona ali pa liwiro lalikulu kuposa inu chifukwa injini yake ndi yamphamvu. Apa nde pali nkhani, liwiro likawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanayi. Choncho iye amafunadi mapadi opirira moto woopsa, inu simudzafikako kawirikawiri. DTC-60 eni ake amalemba kuti amagwira bwino kuyambira cha pa madigiri 200 kupita mtsogolo. Pa kagalimoto kopepuka, makamaka kumbuyo komwe ntchito ndi yochepa, mapadi otere amakhala nthawi yambiri asanafike pomwe amafuna, ndipo mapadi a mpikisano akazizira amakhula disiki ngati tupa. Mudzaona disiki ikutha mapadi adakali onenepa. Nanga mmawa mukupita ku track pamsewu, mabuleki ali ozizira, munthu nkudumpha msewu mwadzidzidzi?

China ndi matayala. Chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala, mapadi oluma kwambiri pa 200 treadwear amangotseka mawilo, ngati muli ndi ABS izingogogoda pansi pa phazi kona iliyonse. Pa galimoto zathuzi chokoma ndi buleki yomwe ungathe kuimasula pang'onopang'ono uku ukulowa mukona, osati yongoti ukakhudza yaluma ukasiya yasiya. Ine ndinganene Carbotech XP8 mbali zonse, kapena XP10 kutsogolo XP8 kumbuyo, ambiri a MX-5 amayendera zimenezo. G-LOC R10 ndi R8 ndi nkhani yomweyo. Kwa Hawk yang'anani DTC-30, amagwira ngakhale asanatenthe kwambiri. Oluma kwambiri musaike kumbuyo, matako a galimoto adzayamba kuvina mukamaponda.

AuntyWaLiwiro:
Kkkk a Seveni mwamuthamangitsira kale mwanayu ku mapadi olira. Tamufunseni kaye ngati galimotoyi amayendera masiku onse. Mapadi a track amalira pa roboti iliyonse anthu nkumakuyang'ana ngati galimoto yatha, ndipo fumbi lake mawilo amada tsiku limodzi. Ine pa Lotus Elise yanga ndimaika Ferodo DS2500, pamsewu ali bwino pa track ali bwino, ndipo kwa munthu amene akuphunzira akwanira ndithu. Mintex M1144 nawonso ndi a mtundu womwewo. Akadzayamba kuwatha mphamvu amenewo ndiye adzakwere, osati kuyambira pamwamba.

Seveni_Wopanda_Denga:
Aunty Elise yanuyo ndi yopepuka kuposa NB ndipo injini ili kumbuyo nde mawilo akumbuyo amathandiza kwambiri poima, iye ntchito yambiri ili kutsogolo. Koma sindikukana, ngati track yake ndi ya makona ambiri yopanda kowongoka kotalika DS2500 apirira. Ikakhala ya mabuleki olemera otsatizana ndiye aziyamba kufooka chakumapeto kwa session, nthawi imene mumathamanga musanapume.

Kadziwotche_NB:
Zikomo nonse. Mafuta sindinasinthepo chigulireni nde ndiyambira pamenepo. Galimotoyi ndimayendera kumapeto kwa sabata kokha, kulira sikungandivute kwambiri. Nanga ndingamasinthe mapadi ndikafika ku track, pobwerera nkubwezera wamba? Ndipo madisiki ndisinthe kapena omwewa?

MakanikoWakale:
Kusintha kutheka, pa MX-5 ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma dziwani kuti mapadi amasiya kansalu kake kopyapyala pa disiki ndipo ndi kameneko kamagwira ntchito. Mukamasakaniza mitundu iwiri pa disiki imodzi nthawi zina kansaluko kamakhala ka zigambazigamba, chiwongolero nkumanjenjemera mukaponda, anthu nkumati disiki yapindika pomwe sinapindike. A Carbotech makamaka amafuna disiki yoyera. Nde ngati madisiki anu ali ndi mlomo m'mphepete kapena ming'alu yofika kumapeto, gulani atsopano osalala wamba, oboola aja asiyeni amang'aluka pa mabowo akatentha. Ngati adakali bwino akhuleni ndi sandipepa muchotse zakale.

Mukaika atsopano musakalowe nawo pa track osawazoloweretsa. Pezani malo opanda anthu, thamangani cha pa makilomita 100 pa ola, pondani mwamphamvu mpaka cha pa 20 osaima, bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi motsatizana mpaka fungo limveke, kenako yendani mphindi zingapo osakhudza buleki kuti zizizire. Werenganinso kapepala ka mubokosi poti kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Ku track lap yomaliza muziyenda mofatsa, mukaima musakoke handibuleki kapena kusiya phazi pa pedulo, ikani mugiya basi, apo ayi mapadi amadinda chithunzi chake pa disiki yotentha.

Ndipo muzisuzumira makulidwe ake pakati pa ma session, akunja ndi amkati omwe chifukwa kalipa ya NB ndi yotsetsereka, mapini ake akauma mbali imodzi imatha msanga. Apakeni girizi wa mabuleki. Nyama ya mapadi ikatsala mamilimita 3 kapena 4 musalowe nawonso, opyapyala amapititsa moto msanga ku pisitoni mafuta aja nkuwiranso.

AuntyWaLiwiro:
Mukabwerako mudzatiuze ngati pedulo yasiya kumira ndi mafuta okha, ndikufuna ndidziwe ndisanakangane nawonso a Seveni.