Kodi a Circassian akadali mtundu umodzi chibalalikire chonchi?

Nachisale:
Abale ndithandizeniko. Ndakhala ndikuwerenga za a Circassian, eni ake amadzitcha Adyghe, aja anapitikitsidwa ndi asilikali a Russia kumapiri a Caucasus mu 1864 nkukwezedwa zombo kupita ku ufumu wa Ottoman, ufumu wakale wa Aturuki, ambiri nkufera mnjira ndi njala komanso matenda. Pano okhala kunja ndi ochuluka kuposa otsala kwawo, ali ku Turkey, Jordan, Syria, Israel, ena mpaka ku New Jersey. Nde zidzukulu zina zikuyankhula Chituruki zina Chiarabu, chikuwamanga pamodzi nchani kwenikweni? Nanga ndi eni nthaka amakhala nawo bwanji?

Mphunzitsi_wakale:
Mayi funso mwafunsa labwino. Chachikulu ndi mwambo wawo umene amautcha Xabze, malamulo osalembedwa a kakhalidwe, kulemekeza akulu, kulandira mlendo, ndani ayambe kuyankhula pagulu, ngakhale kavinidwe paukwati. Ndipo mwambowu umaletsa kukwatira wachibale olo wapatali, pomwe Aarabu ambiri owazungulira kukwatirana pachisuweni sachiona chachilendo, nde olo onse ndi Asilamu kusiyana kumaonekera pomwepo. China ndi 21 May, tsiku lolira maliro pokumbukira za 1864 zija, kulikonse komwe ali amatulutsa mbendera yobiriwira ija ya nyenyezi 12 ndi mivi itatu. Mu 2014 anakwiya kwambiri ma Olympics atachitikira ku Sochi, kwawo komweko ku Caucasus, zaka 150 ndendende, pamalo pomwe nkhondo ija inathera.

Chimwemwe265:
Aphunzitsi pepani koma ine magule ndi mbendera sizikundikhutitsa ayi, nkhani ndi chiyankhulo basi. Ku Turkey nkomwe kuli ambiri koma nkomwenso chikufa msanga, boma kwa zaka zambiri linkafuna aliyense akhale Mturuki, lamulo la 1934 linakakamiza anthu kutenga mayina abanja a Chituruki, kenako anthu anachoka mmidzi kupita ku Istanbul ndi Ankara ana nkukula osamva zomwe agogo awo akunena. Chi Ubykh, chiyankhulo cha abale awo ena ochokera ku Caucasus komweko, chinatheratu mu 1992 atamwalira Tevfik Esenç, munthu womaliza kuchiyankhula bwinobwino, zimandipweteka ine zimenezi. Anayamba kulola chi Adyghe ngati phunziro losankha msukulu mu 2012 koma madzi anali atafika kale mkhosi. Pomwe ku Israel timidzi tiwiri tokha, Kfar Kama ndi Rehaniya, ana akuchiyankhulabe pakhomo ndi kusukulu komwe chifukwa akhala pamodzi osamwazikana.

Mphunzitsi_wakale:
Zoona achimwene sindikukana, koma mnyamata wa ku Amman, likulu la Jordan, amene sadziwa chiyankhulocho nkumasungabe Xabze mungamuuze kuti si Adyghe? Mwayiwala kuti sanasankhe yekha kubadwira kumeneko.

Bambo_a_Tadala:
Pa za eni nthaka ndiyankheko. Ku Jordan ndi olemekezeka heavy, Amman ya lero anayamba kuikhala ndi iwowa mu 1878 pomwe panali mabwinja, mpaka pano alonda a mfumu pa zamwambo ndi a Circassian atavala zakwawo, Said al-Mufti anakhalapo nduna yaikulu, ndipo ku nyumba ya malamulo kuli mipando yosungidwira iwo ndi a Chechen, mtundu winanso wochokera ku Caucasus. Koma taganizani, amuna a ku Kfar Kama amalowa usilikali wa Israel pomwe abale awo ku Syria anathawa mmidzi yawo ku Golan pa nkhondo ya 1967 yolimbana ndi Israel yemweyo. Aliyense amakhulupirika ku dziko lomwe linamulandira, nde mtundu umodzi umapezeka mbali ziwiri za malire a adani.

Nachisale:
Zikomo nonse, za Golan zo sindimazidziwa. Nanga obwerera kwawo alipo? Ndaona kuti a ku Kosovo anatengedwa kupita ku Adygea mu 1998, koma kwawoko nako anawagawa mzigawo zitatu za Russia, Adygea, Kabardino-Balkaria ndi Karachay-Cherkessia, nde wochokera ku Syria osadziwa Chirasha akafika amamulandira ngati m'bale kapena ngati Mwarabu?