Section yanga ikukana kutseka

Wa ku Matero:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi mabowo anayi ofufuzira miyala kumadzulo kwa Lusaka, ndipo section yanga (chithunzi cha miyala ya pansi ngati nthaka yadulidwa) ikukana kutseka, mbali zake sizikugwirizana. Kumbuyo kwa fold (malo amene miyala inapindika) miyala yapendekeka madigiri 20, kutsogolo 70, ndipo kutsogoloko yapyapyala. Masiku atatu ndikulimbana ndi njira ya fault-bend fold (kupindika kwa miyala pokwera fault yokhota; fault ndi mng'alu umene miyala inasunthirapo) mu pulogalamu ya Move, sizikutheka. Abwana akuifuna section imeneyi Lolemba.

Mayi a ku Chelstone:
Musadzivute achimwene, siitseka imeneyo. Njira imeneyo, ya Suppe ya 1983, imafuna kuti mwala usasinthe kukhuthala. Komanso kumbuyo kumatsata ramp (pamene fault imakwera chitunda), ndiye ngati ramp ndi 20, kutsogolo kumatuluka cha m'ma 23, osati 70. Yesani njira ina, trishear ya Erslev. Pulogalamu ya FaultFold ya Allmendinger ndi yaulere. Tsitsani P/S (kutalika kumene nsonga ya fault yapita poyerekeza ndi kusuntha kwa miyala) pang'onopang'ono, muona kutsogolo kukuimirira.

Mdala wa ku Kabwata:
Musanathamangire pulogalamu ina, mwalawo ndi wanji?

Wa ku Matero:
Marble bambo, pansi pali schist, mwala uja wosendeka ngati mapepala.

Mdala wa ku Kabwata:
Ndinadziwa. Njira zonse ziwirizi anazipangira miyala yozizira, yosanjikana bwino ngati mabuku. Marble wathu uyu anapsa pansi pa nthaka zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, nthawi ya Pan-African, ndipo anapindika kangapo. Marble akatentha amayenda ngati phula, amathawa m'mbali n'kukaunjikana pa hinge, pokhotera penipeni pa fold. Kupyapyalako mwina si fault yachita. Ndipo pano tili kum'mwera kwa Mwembeshi Shear Zone (mzere waukulu umene miyala inakhulana), m'dera la miyala la Zambezi Belt, si malo a miyala yofatsa ayi. Funso langa ndi ili: 70 ameneyo munayeza pa bedding (mizere ya mmene miyala inasanjikirana poyamba) kapena pa foliation (mizere yobwera pambuyo chifukwa cha kupanikizika)? Mu core (mwala wotuluka m'bowo) mizere iwiriyi imanamiza ngakhale ife a imvi. Ine ndili mnyamata ndinajambulapo fault yomwe kunalibe, mpaka anaboola pachabe.

Mayi a ku Chelstone:
Apo mwalasa bambo. Koma trishear asaitaye, ikhoza kuthandiza ngati pali quartzite yolimba.

Wa ku Matero:
Ndabwerera ku core shed m'mawa uno. Manyazi andigwira. Mabowo awiri akutsogolo ndinayeza foliation. Malire a marble ndi schist sakufika n'komwe pa 40.

Mdala wa ku Kabwata:
Tsatirani malire omwewo, ndiwo chizindikiro chanu. Ikani bedding payokha ndi foliation payokha pa stereonet (chithunzi chozungulira choonetsa kupendekeka kwa miyala), mupeze fold axis (mzere umene miyala inapindikirapo), section muidule mopingasa axis imeneyo. Fault muijambule ndi madontho mpaka core ikuonetseni breccia (mwala wophwanyika) kapena shear (pamene miyala inakhulana).

Wa ku Matero:
Zikomo bambo. Stereonet nditumiza madzulo, magetsi akabwera.